Amalume Ankayatsa Moto Kuti Phiri Lisapse

Mkangano woyamba pamaliro a amalume anga, a Fesitoni Namalawa, unali wa matabwa. Thupi lisanachoke n'komwe kuchipatala, amuna awiri a m'mudzi mwathu anafika akukankha njinga, atamangirirapo matabwa okutidwa ndi masaka. Anati abweretsa chipepeso, kuti akuluakulu agone m'bokosi lowayenera. Panalibe chifukwa chovundukulira masakawo. Fungo la mkungudza linali litafika kale pakhonde pamene tinakhala azimayi, ndipo aliyense wobadwira pansi pa phiri la Mulanje amalidziwa fungo limenelo, amadziwanso kuti mtengowo ndi woletsedwa kudula.

Amayi anga, amene ndi mlongo wawo wa amalume, anali nafe pakhondepo. Anadzuka pamkeka, n'kumanga chitenje mwamphamvu ngati akupita kumunda.

"Chotsani zimenezo pakhomo pano," anatero. "Achimwene anga sagona m'mitengo yawo yomwe."

Ena ananong'onezana kuti kukana chipepeso n'kupanda ulemu. Amuna aja anaima kaye akuyang'ana pansi, kenako anatembenuza njinga. Mwezi uno wa Juni patha chaka chimwalirireni amalume, ndipo ndatopa kumva mbiri yawo ikukambidwa ndi anthu amene sanakwerepo phiri. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, si ine wolemba mabuku, koma zimene ndinaona ndizinena.

Amalume anali mlonda wa moto pamwamba pa phiri, ku Chambe, kuyambira ine ndisanabadwe. Ntchito yawo inali kukhala pa thanthwe lina lalikulu loyang'ana chigwa chonse, kuona utsi, kuitana anthu ozimitsa, ndi kulambula mizere yotchinga moto chilimwe chisanafike. Oyang'anira anasinthasintha, mayunifolomu anasintha mtundu, paini anadzalidwa n'kudulidwa, koma iwo anali pathanthwe pomwepo. Ankatsika kamodzi pa masabata awiri kudzera ku Likhubula, atavala jombo ndi chijasi chimene chinkanunkha utsi ngakhale chitachapidwa kawiri. Pokwera phiri ankanyamula nyemba za kalongonda m'chitini, ndipo ankati chakudya china chilichonse chimathera m'njira munthu asanafike pamwamba. Anzawo ankawatchula kuti a Mphuno, koma kumbali, chifukwa moto ankaumva fungo usanaoneke ndi maso.

Ndisaname, sanali munthu wokoma kukhala naye. Anakangana ndi osaka mbewa a midzi itatu. Ankakangana ndi amayi anga chaka chilichonse pa nkhani yotentha mapesi kumunda, mpaka amayi anaphunzira kudikira kuti achimwene awo akwere kaye. Akazi awo, asanamwalire, ankati iwo ndi mkazi wachiwiri chabe, wamkulu ndi phiri. Lamulungu lina mlaliki anafotokoza za moto wa kugehena, malawi ake aatali ofiira, anthu n'kuchita mantha monga mwa masiku onse. Potuluka, amalume anamudikira pakhomo n'kumuuza mwaulemu wonse kuti za moto sakuzidziwa, chifukwa moto woipa ulibe malawi. Mlalikiyo sanawapatsenso moni kwa chaka.

Nkhani ya moto wopanda malawiyo inali chiphunzitso chawo chachikulu, ndipo tinaimva mpaka kutopa nayo. Ankasiyanitsa utsi monga mmene azimayi amasiyanitsira ufa. Utsi woyera wopepuka, umene umakwera n'kumwazika, ankati ndi wa udzu, moto wake umadutsa mofulumira n'kusiya nthaka yamoyo. Utsi wakuda unali wa paini. Koma panali utsi wina wolemera, wotuwirako kuchikasu, umene sukwera koma umakwawa m'zigwa n'kumakanda pakhosi. Umenewo ndi wa moto umene walowa pansi, m'masamba owola, m'zitsa ndi m'mizu, n'kumanyeka pang'onopang'ono kwa masabata. Ukangofika pamenepo, ankatero amalume, munthu wachedwa kale.

Ndiye njira yawo yotetezera phiri inali kulitentha. Ndikudziwa kuti mawu amenewa amadabwitsa munthu wachilendo, koma akuluakulu a zankhalango akale ankachita chomwecho, ndipo amalume anaphunzira kwa iwo. M'mwezi wa Juni, chiperoni chikamanyowetsa phiri, udzu umakhala wouma kunsonga koma wauwisi kutsinde. Ukauyatsa nthawi imeneyo, chakumadzulo, moto umayenda mwaulesi, kunyambita pamwamba pokha, ndipo mame akagwa umazima wokha. Pofika Okutobala, pamene moto weniweni umabwera ndi mphepo, umapeza lupsa, n'kusowa chakudya. Ndinaziona ndekha kamodzi nditayamba kale uphunzitsi. Amalume anazula udzu wodzaza dzanja, n'kuupotokola mwamphamvu ngati akufinya nsalu, kenako anayang'ana chikhatho. Chikhatho chikanyowa, nthawi yakwana. Chikakhala chouma, machesi amabwerera m'thumba. Atatero anaima nthawi yaitali osalankhula, nkhope itapendekera kumphepo, ine n'kumadabwa kuti akudikira chiyani. Sindinafunse, ndinali ndi njala ndipo ndinkafuna titsike.

Zonsezi zinali ndi mwini wake. Kuseri kwa thanthwe lija kuli kachigwa kopapatiza kamene kali ndi kamtsinje pakati, ndipo m'menemo munali mikungudza isanu ndi iwiri yakale kwambiri, imene ocheka matabwa anali asanaikhudze. Amalume ankaitchula kuti makolo. Ankatola njere zake, kufesa m'machubu pa nazale yawo yaing'ono, n'kudzala mbande m'mbali zonse ziwiri za kachigwako. Mkungudza umakula mochedwa, ndipo pa mbande khumi mwina imodzi yokha ndiyo imapirira, koma patapita zaka panali timitengo tambirimbiri, tina tofika m'chiuno, tina topitirira mutu. Chaka chilichonse ankatentha udzu kuzungulira kachigwako, ngati munthu womanga mpanda. Ocheka matabwa ankawaopa, osati chifukwa cha mphamvu, poti anali munthu wochepa thupi. Ankawaopa chifukwa amalume ankadziwa amayi ake a aliyense wa iwo, ndipo sankachita manyazi kukagogoda pakhomo.

Ana a m'kalasi mwanga amene anawadziwa chakumapeto sakudziwa munthu ameneyu. Iwo amakumbukira nkhalamba yotsimphina imene inkakhala kuseri kwa nyumba ya amayi anga, pampando wansungwi, itafulatira phiri. Kuno kwathu kufulatira phiri n'kovuta, limadzaza theka la kumwamba, koma amalume anapeza pangodya pamene khoma la bafa limalibisa. Anakhala pamenepo zaka zitatu. Mlendo akatchula Chambe, iwo ankafunsa za mtengo wa nandolo.

Chimene chinawakhazika pangodya pamenepo chinayambira m'kalasi mwanga momwe. Bungwe lina lochokera kumzinda, limene sinditchula dzina, linapatsidwa kuyang'anira mbali imeneyo ya phiri, pamodzi ndi alonda ake. Linaitanitsa msonkhano pasukulu pathu, akuluakulu n'kudzipanikiza m'madesiki a ana. Wotsogolera anali a Chimwaza, bambo wachinyamata waulemu, wolankhula mofatsa, amene mpaka lero ndimalephera kumuda ngakhale ndayesetsa. Anaonetsa pakhoma mzere wokwera ndi kutsika ngati mapiri ojambulidwa ndi mwana. Anati mzerewo ukusonyeza mpweya wina wotchedwa metheni umene umatuluka nkhalango zikamapsa m'Malawi muno, chaka ndi chaka. Mpweya umenewo ukachuluka kumwamba umasunga kutentha, dziko n'kumafunda, mvula n'kumasokonekera. Anthu anagwedeza mitu, pakuti za kusokonekera kwa mvula sitinafunike kuuzidwa.

Amalume anamvetsera ndi chidwi chimene sindinawaonepo nacho pamsonkhano uliwonse. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu n'kufunsa kuti mpweya umenewo umanunkha bwanji. A Chimwaza anati ulibe fungo, ulibenso mtundu, amaudziwa ndi makina okha. Kalasi yonse inaseka, wina kumbuyo n'kunena kuti a Mphuno lero apeza chowaposa. Amalume nawo anamwetulira. Kenako anafunsa kuti pakati pa moto wamalawi ndi moto wonyeka pansi, wotulutsa mpweya wambiri ndi uti. A Chimwaza anakondwera nalo funsolo. Anafotokoza kuti ndi wonyeka pansi uja, chifukwa moto ukamasowa mphepo sutentha zinthu mokwanira, ndipo m'pamene metheni amatuluka wochuluka.

Amalume anaomba m'manja kamodzi. "Ndiyetu tikugwirizana, bwana. Tizitentha mu Juni."

A Chimwaza anakanda kumutu. Anati ayi, zimenezo zatha. Bungwe linalonjeza amene analituma kuti phiri likhala lopanda moto ndi umodzi womwe, ndipo kuli makina m'mlengalenga amene amaona malawi alionse n'kuika kadontho kofiira pamapu. Makinawo safunsa mwezi, safunsanso amene wayatsa. Kuyambira tsopano alonda azilambula mizere ndi makasu basi, machesi asiye kunyumba.

Apa amalume anaimirira, desiki n'kutsala pang'ono kugwa. Anati mzere wa khasu umaletsa moto wa udzu wa chaka chimodzi, koma udzu wa zaka ziwiri ukagwira, moto umaulumpha ngati kamsewu ka nyerere. Anati bwana wanena yekha kuti mpweya woipa uli kumene kulibe malawi, nanga makina oona malawi okhaokhawo akulondera chiyani? Anapita kukhoma, n'kuika chala pamzere uja, n'kufunsa kuti Chambe ili pati pamenepo. A Chimwaza anati mzerewo ndi wa dziko lonse. Mawu a amalume anali atayamba kukwera, Chilomwe chikulowerera m'Chichewa monga ankachitira akapsa mtima, ndipo aphunzitsi anzanga anali akundiyang'ana. Ndinadzuka, n'kuwakoka chijasi chija.

"Amalume, khalani pansi," ndinanong'ona. "Mukutichititsa manyazi."

Anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi. Munthu amene anakangana ndi midzi itatu ndiponso mlaliki anakhala pansi chifukwa mwana wa mlongo wake wanena, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Chaka choyamba anamvera. Juni anadutsa machesi ali kunyumba, ndipo tsoka lake, Okutobala nayenso anadutsa popanda moto kufika ku Chambe. Bungwe linachita chikondwerero, linagawa matisheti, ndipo a Chimwaza anagwira amalume chanza pamaso pa anthu n'kunena kuti mwaona madala, zatheka. Amalume anabwera nayo tisheti kunyumba, amayi n'kuisandutsa chopukutira mbale. Amalume anatiuza kuti udzu wa chaka chimenecho sunapite kulikonse, wangogona pansi kudikira unzake. Ife tinati ukalamba wayamba, munthu safuna kuvomera kuti walakwa.

Juni wachiwiri atafika, anakwera ndi machesi m'thumba. Sanauze munthu, koma sanabisalenso. Tsiku lina chakumadzulo anapotokola udzu, chikhatho chinanyowa, ndipo anayatsa kumbali ya kum'mawa kwa kachigwa kaja, ali ndi nthambi yaiwisi m'manja, akuyenda nawo moto ngati woweta ng'ombe. Ankafuna kuzungulira mbali zonse m'masiku atatu. Anamaliza mbali imodzi yokha. Tsiku lachiwiri anzawo anafika atatumidwa ndi bungwe, anthu amene ena a iwo anawaphunzitsa okha ntchito, n'kuzimitsa motowo akupepesa. Sabata yotsatira kunalinso msonkhano m'kalasi muja. Pakhoma panaoneka mapu ndi timadontho tofiira, ndipo dzina la a Namalawa linatchulidwa monga chitsanzo cha maganizo akale amene akuwononga dziko. Anawalanda jombo ndi yunifolomu. Chijasi chinali chawo, anatuluka nacho.

Moto unabwera mu Okutobala, masana a tsiku lamphepo. Amene anauyambitsa sakudziwika, kaya ndi osaka nyama ndi agalu, kaya ndi munthu wotaya ndudu. Amalume anaumva fungo ali kumudzi, akusenda chinangwa. Amayi akuti amalumewo anangoimika mutu, n'kuika mpeni pansi, n'kutenga khasu ndi chigubu. Anakwera ndi nsapato zamatayala, munthu wokalamba wochotsedwa ntchito, ndipo anafika pamwamba alonda a bungwe asanasonkhane n'komwe. Zinachitika monga ananenera. Udzu wa zaka ziwiri unayaka kutalika kuposa nyumba, mizere ya makasu inalumphidwa yonse, ndipo moto unatsikira m'kachigwa kuchokera kumadzulo, mbali imene sanaloledwe kumaliza.

Malawi anatha m'masiku awiri. Bungwe linalengeza kuti moto wazimitsidwa, ndipo pamapu awo timadontho tofiira tinasowa. Mikungudza isanu ndi iwiri ija inali chiimire, masamba ake akadali obiriwira kunsonga, anthu n'kumati yapulumuka. Koma m'kachigwamo munali utsi wolemera uja, ukukwawa pamwamba pa kamtsinje. Pansi pa mitengoyo panali masamba owola a zaka zosawerengeka, ndipo moto unali utalowamo.

Amalume anakhala kumeneko masabata atatu ali okha. Ndinakwera kamodzi kukawapatsa ufa ndi mchere, ndipo chimene ndinaona sichidzandichoka m'maso. Anali atavula nsapato. Ankayenda pang'onopang'ono paphulusa ndi mapazi opanda kanthu, chifukwa moto wapansi suoneka, umamveka ndi phazi. Akamva kutentha ankakumba ndi khasu mpaka kupeza muzu wofiira, n'kuthira madzi a m'chigubu, n'kubwereranso kumtsinje. Chigubu chimodzi pa chigwa chonse. Mapazi awo anali matuza okhaokha, ena ataphulika n'kudzaza phulusa. Ndinawapempha kuti titsike. Anandiyankha osandiyang'ana kuti ndiike ufawo pamwala, ndisaponde kumanzere. Mitengo ija inayamba kufiira umodziumodzi, ndipo iwiri inagwa yokha mizu itatha kunyeka. Mvula yoyamba itagwa, panalibe wamoyo ndi umodzi womwe mwa makolo aja. Amalume anatsika atanyamulidwa ndi anthu onyamula katundu wa alendo, ndipo sanayendenso bwino.

Ndikanakonda kunena kuti anthu anawapepesa. Chimene chinachitika n'chakuti wina anakumbukira kuti munthu woyamba kupezeka pamoto anali yemwe uja anachotsedwa ntchito chifukwa choyatsa moto, ndiponso kuti m'chijasi mwake simusowa machesi. Nkhani inayenda yokha. Tsiku lina pamsika wa Chitakale ndinamva azimayi awiri akuuzana kuti mdala wa ku Chambe uja anatentha phiri chifukwa cha nsanje, ndipo mapazi anapsa chifukwa Mulungu amaona. Sankandidziwa. Ndinanyamula matimati anga n'kuchoka osawatsutsa. Patangotha miyezi yochepa, ocheka matabwa analowa m'kachigwa muja. Mitengo inali yakufa kale, mlonda wodziwa amayi awo kunalibe, ndipo macheka ankamveka masana dzuwa likuswa mtengo.

Kumbali ya kum'mawa, kumene amalume anatentha mu Juni, moto unafika palupsa n'kuima. Timitengo ta mbali imeneyo tinapulumuka, mwina makumi awiri. Chaka chotsatira chithunzi chake chinatuluka pa kalendala ya bungwe lija, pansi pake atalemba za chipambano cha ntchito yobwezeretsa mkungudza. Wina anawapatsa amayi kalendalayo, iwo n'kuipachika pabalaza osadziwa. Amalume anaiyang'ana, n'kutchula kamtengo kalikonse chaka chimene anakadzala, kenako anapempha kuti ichotsedwe. Linali tsiku limenelo pamene anasamutsira mpando wawo kuseri kwa bafa.

A Chimwaza anabwera kamodzi, ntchito ya bungwe itatsala pang'ono kutha. Anabwera okha, atanyamula shuga ndi buledi, ndipo anakana mpando n'kukhala pamkeka. Ine ndinalipo, ndinkawathirira tiyi. Anazungulirazungulira ndi nkhani za mvula ndi za mapazi, kenako ananena motsitsa mawu kuti madala ankanena zoona, ndipo iwo anazidziwa tsiku lomwe lija la msonkhano, koma lonjezo linali litalembedwa kale ndi anthu akuluakulu kuposa iwo. Amalume anafunsa ngati utsi wa m'kachigwa muja unalowa mumzere wa pakhoma uja. A Chimwaza anati malawi a masiku awiri anawerengedwa, koma masabata atatu a moto wapansi makina sanawaone bwino.

"Ndiye ngakhale mzere wanu uja sukudziwa kuti mitengo yanga inapsa," anatero amalume. "Zimene mwanenazi mukazinene m'kalasi muja, bwana. Pamene munandionetsa pakhoma."

A Chimwaza anati aona mmene angachitire. Mwezi wotsatira galimoto za bungwe zinapita, ndipo msonkhano umenewo sunachitike. Shuga uja amalume sanamulawe, tinamwera ife.

Chaka chimene amalume anamwalira ndinamva kuti ku boma kunachitika maphunziro a masiku atatu, kumene anthu ena ochokera kutali anadzaphunzitsa alimi ndi alonda njira yochepetsera utsi woipa. Njira yake inali kutentha udzu molawirira, usanaumitsitse. Mnzanga amene anapitako anabwera ndi chipewa ndi kabuku, n'kumandifotokozera mwachidwi ngati nkhani yatsopano. Munthu amene anachita zimenezo moyo wake wonse anali kuseri kwa bafa, mtunda woyenda ndi njinga, ndipo palibe anamuitana. Sindinawauze amalume. Kaya ndinawachitira chifundo kaya ndinachitanso mantha, sindikudziwa.

Tinawaika m'bokosi la paini, lopepuka, lopanda fungo. Matabwa a mkungudza aja ndinawaona akutsika msewu wopita ku Chitakale, masaka akupepheruka. Sindingalumbire kuti anachekedwa m'kachigwa ka amalume, koma mikungudza yokula choncho mbali ino ya phiri inali kumeneko kokha, ndipo amayi sanafune umboni. Kumanda wolankhula m'malo mwa mudzi anati malemu anali munthu wolimbikira ntchito ngakhale anali ndi zofooka zake, monga tonsefe. Aliyense anadziwa chofooka chimene akunena. Pogawana zovala ine ndinapempha chijasi, ndipo palibe analimbana nane. M'thumba lamkati munali bokosi la machesi lokulungidwa m'pulasitiki kuti lisanyowe.

Sabata yatha ndinakwera ku Chambe koyamba chichokereni tsiku la ufa lija. Thanthwe lilipo, ndipo pamwamba pake pali malo osalala pamene ankakhala, ndi timiyala titatu takuda pamene ankatenthetsa chitini chawo. Pa nazale patsala machubu ong'ambika okwiririka theka m'dothi. Pakhomo pa kachigwa pali chikwangwani cha bungwe lija choletsa kuyatsa moto, utoto wake utatupa ndi kutentha mbali imodzi. M'kachigwamo muli zitsa zisanu zochekedwa bwino ndi maenje awiri, ndipo munthu ukaponda mosasamala phazi limalowa m'mphako zimene mizu inasiya itanyeka.

Timitengo ta kum'mawa tilipo. Tina tandipitirira msinkhu, ndipo ukatikita tsamba lake m'zala fungo lija limabwera. Koma udzu watizungulira mbali zonse, wofika pachifuwa, ndipo pansi pake pagona wa chaka chatha ndi wa chaka chinacho, wokhuthala ngati matiresi. Mlonda sindinamuone, ngakhale mzere wa khasu. Ndinazula udzu wodzaza dzanja n'kuupotokola monga ndinawaonera. Chikhatho chinanyowa.

Machesi aja anali m'chikwama mwanga. Ndinawatulutsa, ndipo ndinaima pamene iwo ankaima, nkhope nditaipendeketsa. Mphepo inkabwera, kenako n'kuleka, kenako n'kubweranso kuchokera kwina, ndipo sindinadziwe kuti ikundiuza chiyani. Zimene ankadikira nthawi yaitali ija osalankhula ndi zimenezi, ndipo munthu woyatsa osazidziwa angathe kupsereza timitengo tomwe akufuna kupulumutsa. Ndinali ndi zaka zambiri zowafunsa, koma chimene ndinachita ndi kuwakoka chijasi. Ndinakhala pathanthwe mpaka chiperoni chinaphimba kachigwa, kenako ndinabweza machesi m'pulasitiki n'kuyamba kutsika. Kuti Okutobala afike kwatsala miyezi inayi.